Folo pa Faifi

Aise, wafika? Takhala pansi kaye, foniyo uyiike pa chaja, chifukwa ikakuzimira pakati pa nkhani iyi udzatukwana munthu wosalakwa. Ndi nkhani ya Chrissy, mtsikana wa ku Chilobwe, amene anatsala pang'ono kukwirira anthu asanu ndi chipale chofewa ali phee pampando wa mu ofesi ku Business Bay, kapu ya tiyi ili m'manja. Ee, Dubai yomweyi, kumene dzuwa limamatitsa patapata pa tara. Usaseke, tamva.

Kampani yomwe Chrissy ankagwirako ntchito inali yaing'ono, ka ofesi kamodzi pa fulo ya nambala 19. Ntchito yake inali kutenga anthu olemera a mu Dubai, aja atopa ndi mchenga, n'kupita nawo kumapiri a ku Georgia kukasewera pa chipale. Osati Georgia wa ku America, winayu wa kufupi ndi Russia, ulendo wa maola atatu ndi theka pandege. Ndipo sankapita kumalo kuja kuli mipando yokukweza phiri ndi malesitilanti ayi. Awa ankafuna kuthengo kwenikweni, kogona m'kanyumba ka matabwa, m'mawa kukwera phiri ndi miyendo yawo, kenako n'kutsetsereka pa chipale chomwe sichinapondedwepo ndi munthu.

Chrissy anali ndi masabata awiri okha pantchitoyi. Anamulowetsa ndi msuweni wake Rogers, mwana wa amalume ake, yemwe kwa zaka zinayi wakhala akuphunzitsa anthu kutsetsereka pa chipale chopangidwa ndi makina m'kati mwa mall. Makasitomala ankamukonda Rogers, ndiye kampani inkamutenga pamaulendo kuti azithandiza mkulu wodziwa mapiriwo, bambo wina wa komweko dzina lake Levan. Paja chisuweni ukuchidziwa. Awiriwa sankayankhulana ngati anthu. Rogers ankamuitana Chrissy "akazi anga osaphika", winayo "amuna anga opanda ng'ombe". Chrissy anamunamizapo Rogers kuti visa yake yakanidwa, mnyamata n'kutuluka thukuta tsiku lonse. Rogers anabwezera pomutumiza ku eyapoti kukachingamira azakhali omwe anali ali phee ku Ndirande. Umu ndi mmene ankakhalira.

Lachiwiri lina mu Febuluwale, bwana wa kampani anali m'ndege kupita ku London. Thelma, mayi wa ku Lusaka amene wakhala pa desiki imeneyo zaka sikisi, anali atapita kukayezetsa magazi za visa. Anasiya kapepala pa kompyuta: "Lipoti la phiri likabwera, umuuze Rogers."

Kuphiri kuja kulibe netiweki. Gulu limayenda ndi kachipangizo kamodzi kolumikizana ndi setilaiti, kotumiza timameseji tifupitifupi basi, kopanda mawu. Meseji imatenga mphindi zitatu, nthawi zina teni, kuti ifike. Kachipangizo komweko kamaonetsa pomwe ali: kadontho kabuluu pa mapu a pa sikirini ya mu ofesi, kamene kamasuntha kamodzi pa mphindi teni zilizonse.

Itatsala pang'ono kukwana eyiti koloko, meseji ya Rogers inalowa.

"Akazi anga, Levan wabinya bondo dzulo, atsala m'kanyumba. Akuti ndiwatenge ndekha alendo anayiwa ngati lipoti lili bwino. Kunja kwacha mbee. Ofesi ikuti bwanji?"

Chrissy anatsegula lipoti. Zilembo zake zinali zopiringizika ngati nyongolotsi, za chiyankhulo cha komweko. Koma pakati panali chinthu chomwe anachizindikira msanga: timabokosi tisanu tondandana, tinayi todetsedwa, kamodzi koyera. Pambali pake nambala 4, ndi liwu limodzi la Chingerezi, High.

Tsono aise, uyenera kudziwa komwe Chrissy anachokera. Zaka zitatu anali pa risepushoni ya hotela ina mu Business Bay momwemo. M'mawa uliwonse manijala ankawaimika pamzere n'kumawerenga nyenyezi zomwe alendo apereka. Ikakhala 2, kunali kukalipidwa mpaka makutu kuwawa. Ikakhala 3, nkhope yokwinya. Ikakhala 4, "Shukran, zikomo atsikana, pitirizani." Mu Dubai muno chilichonse chili ndi nyenyezi: wa takisi, wobweretsa chakudya, wometa, ngakhale chimbudzi cha mu mall chili ndi kabatani kofunsa ngati wakhutira. Folo pa faifi? High? Ndiye kuti chipale chake ndi chapamwamba, alendo akasangalala.

Analemba uku akumwetulira: "Ofesi yati zili bho kwambiri. Yalla, pitani. Usagwe pamaso pa alendo, undichititsa manyazi."

Anathira tiyi wina. Kadontho kabuluu kananyamuka pakanyumba, n'kuyamba kukwera.

Thelma analowa itatsala mphindi teni kuti ikwane teni koloko, kathonje kali pamkono, akudandaula za mzere wa kuchipatala. Anaponya chikwama pampando, n'kuyang'ana sikirini. Anasiya chiganizo pakati.

"Iwe Chrissy. Aba bantu bayenda kuti?"

"Akukwera, asisi. Levan wavulala bondo, ndiye Rogers wawatenga yekha."

"Yekha? Lipoti yati chani?"

"Ndi yabwino zedi. Folo pa faifi."

Thelma anatembenuka pang'onopang'ono. Chrissy anali atamuonapo mayiyu akukalipira oyendetsa mabasi, akukangana ndi bwana, koma nkhope imeneyi anali asanaione.

"Wamuuza nambala?"

"Ayi, ndangoti zili bho."

"Mayo ine." Thelma anakoka kiyibodi. "Mwana iwe, iyi si hotela. Iyi nambala ni ya ngozi. Wani ni bwino. Faifi ni imfa. Pa folo sitichoka na mu nyumba, olo kukatunga madzi."

Kapu inali ikadali m'manja mwa Chrissy. Anaiika pansi mosamala ngati ya eni.

"Ngozi yake yotani? Kuzizira?"

Thelma anasiya kiyibodi. Anathamangira kukakhitchini, n'kubwera ndi thireyi ndi botolo la shuga. Anakhuthula shuga yense pathireyi, n'kutenga buku lalikulu la mapu, n'kuliika pamwamba pa shugayo.

"Ona. Mu Januwale kunazizira maningi, kopanda mitambo. Chipale chakale chinasanduka monga shuga, sichigwirana. Manje masiku atatu apita kwagwa chatsopano, kufika mu chiuno, mphepo yachiunjika mbali imodzi, chalimba monga buku iyi. Pamwamba ukaona, ni chosalala, chokongola. Manje munthu aponde."

Anapendeketsa thireyi pang'ono chabe, n'kugogoda bukulo ndi chala chimodzi. Linatsetsereka lonse nthawi imodzi, fwaa, n'kukagwa pansi, phuu! Shuga mbwee pa kapeti.

"Mbali yonse ya phiri imachoka pamodzi. Ikakukwirira uli na maminitsi fifitini. Pambuyo pake bakumba chabe mtembo." Analoza pa mapu malo ena ooneka ngati mbale yopendekeka, pansi pa nsonga ya phiri. "Njira yao ipita apa. Ndiye pamene mphepo yaunjika. Na siku yoyamba ya dzuwa pambuyo pa chimphepo ndiye imapaya bantu, chifukwa aliyense aona monga kuli bwino."

Kadontho kanali pamsana wa phiri, kamtunda pang'ono kuti kafike pakamwa pa mbaleyo.

"Afika nthawi yanji pamenepo?"

"Maminitsi sate-faifi. Kapena sate. Lemba!"

Chrissy analemba msangamsanga. "Rogers bwererani msanga. Ndalakwitsa. Lipoti ndi loipa, ndi ngozi. Bwererani."

Inapita. Kabwalo kakang'ono kanayamba kuzungulira pa sikirini. Thelma anali kale pafoni, akuimbira opulumutsa anthu a ku Georgia, akufuula Chingerezi chapang'onopang'ono ngati akuyankhula ndi gonthi. Anabweza foni pansi mwamphamvu.

"Ati helikoputa siingauluke, mphepo ikali pamwamba. Bapansi bangafike mu maawazi atatu. Ati bauzeni babwerere. Monga sitiziba!"

"Nanga Levan?"

"Kachipangizo ni kamodzi, kali na Rogers. Levan ali gone na bondo yake, saziba kanthu."

Mphindi sikisi. Chrissy anaziwerenga pa wotchi ya pakhoma, imene anali asanaiyang'anepo chiyambire ntchito. Kenako kompyuta inalira, tii.

"Kkkkk akazi anga mwandisowa kale? Yesani ina, iyi ndi yakale. Kuno kuli ngati kumwamba."

Kadontho kanadumpha. Kanali katayandikira.

"Aseka?" Thelma anawerenga kawiri. "Uyu muntu aseka?"

"Akuganiza kuti ndikumunamiza."

"Chifukwa chani angaganize so?"

Chrissy anayang'ana pansi, pa shuga. "Timatero. Ndi msuweni wanga."

"Choka apo." Thelma anamukankha ndi chiuno, n'kukhala pampando. Analemba m'Chingerezi cha ku ofesi, chouma gwa: kuti uyu ndi Thelma, kuti ngozi ili pa 4, kuti atembenuke pompo, ndi lamulo la kampani. Anasindikiza batani ngati akupha nsikidzi.

Panja pa windo, pansi kutali, ngalande ya madzi inkanyezimira, timagalimoto tikuyenda ngati nyerere. Munthu wina anali lende pa chingwe pa nyumba yoyang'anana nayo, akutsuka magalasi. Chrissy ankamuyang'ana munthuyo chifukwa sikirini sankatha kuiyang'ana. Ankaona nkhope za alendo anayi aja, paja ndi iye anawakonzera mapepala: Mista Imran wa ku banki, wolankhula kwambiri, amene analonjeza ana ake vidiyo, akazi awiri apachibale omwe anali madokotala a mano, ndi mnyamata wina wa ku Lebanon amene anamubweretsera Chrissy chokoleti popanda chifukwa.

Mphindi naini. Tii.

"Chrissy, Chingerezi chakochi ndachizindikira. Unandipanga zomwezi ndi imelo ya visa ija. Thelma ali kuchipatala, unandiuza wekha dzulo. Ndikuika kachipangizoka m'chikwama, manja akuzizira."

Thelma anamenya tebulo. "Unazichita Thelma kudala? Iwe!"

"Sanali inu. Ndinadzichita wa ku imigireshoni."

"Mulungu wanga. Bana ba ku Malawi muzanipaya."

Kadontho kanadumphanso. Tsopano mpata pakati pa kadonthoko ndi pakamwa pa mbale unali ngati chikhadabo. Thelma anayeza ndi cholembera. Mphindi fifitini, mwina kuchepera.

"Tili na meseji imodzi chabe," anatero, mawu atatsika. "Ngati akalibe kuika mu chola. Imodzi. Ganiza, mwana. Ni chani chamene iwe sungaseke nacho? Lumbira pali amai bako."

"Ndinalumbirapo kale. Pa nkhani ya visa ija."

"Pali Mulungu?"

Chrissy anapukusa mutu: apanso anali atalumbirapo kale.

"Iwe ulibe chinthu olo chimodzi chamene unasiya?"

Chinalipo. Chinamufika pakhosi Thelma asanamalize kufunsa, ndipo anayesa kuchimeza. Anayang'ananso buku lomwe linali chafufumimba pa kapeti. Mbali yonse ya phiri imachoka pamodzi. Iye amazidziwa zimenezo. Amazidziwa kuposa Thelma ndi mapu ake onse.

Malichi 2023, namondwe Freddy. Phiri la Soche linatsika ndi matope ndi miyala ikuluikulu n'kulowa m'Chilobwe. Tsiku limenelo Chrissy ndi Rogers anali m'chipinda cha Rogers ku Discovery Gardens mu Dubai muno, aliyense ndi foni yake, kuimba manambala osayankhidwa kuyambira m'mawa mpaka mabatire kutha. Ambiri anapezeka. Edinah, mlongo wake wa Rogers, sanapezeke, iye ndi nyumba yake yomwe. Amalume atapezeka pafoni anangonena liwu limodzi, dzina lija akuluakulu amatchula phiri likagumuka, chinjoka chimene amati chikamasamuka chimakokolola chilichonse. Kuyambira tsiku limenelo asuweni awiriwa anaseka za imfa, za ufiti, za ukwati, za chilichonse, koma liwu limenelo palibe analitchulapo. Ngakhale mvula ikagwa mu Dubai, ankangoyang'anana n'kusintha nkhani.

Chrissy anakoka kiyibodi.

"Rogers. Napolo. Ali pansi pa mapazi ako. Ima pomwe ulipo."

"Ni chani ichi?" anafunsa Thelma.

"Tumizani."

Inapita. Kabwalo kanazungulira. Chrissy anadziwa kuti ngati Rogers angaganize kuti nayonso ndi nthabwala, sadzamuyankhulanso mpaka kufa. Anadziwanso kuti zimenezo n'zazing'ono. Bola akhale moyo wosamuyankhulawo.

Mphindi zitatu. Zisanu. Foni ya pa desiki inalira, munthu wofunsa za ulendo wa Epulo, Thelma anaidula osapepesa. Mphindi seveni. Nthawi yoti kadontho kadumphe inakwana. Onse awiri anaweramira pa sikirini mpaka mitu kugundana.

Kadontho kanaphethira. Kanali pomwe paja.

"Baima," Thelma ananong'ona. "Kapena ni setilaiti yachedwa. Osasekelela."

Tii.

"Chrissy. Nambala yake ndi chani."

Panalibe akazi anga, panalibe kkkk.

"4," anayankha. "Ndinkayesa nyenyezi. Thelma ali pano."

Thelma anatenga mpando. Apa tsopano inali ntchito yake, ndipo ankalemba ngati makina. Anamufunsa Rogers ngati wamva chipale chikulira pansi akamaponda. Yankho linabwera patapita mphindi seveni: kawiri, m'munsi muja, chinachita bhuu ngati ng'oma yakutali, iye ankayesa ndi mmene chipale chenicheni chimachitira, paja cha mu mall sichilankhula. Ming'alu? Umodzi, unathamanga kutsogolo kwa mapazi ake ngati mamita atatu.

"Yesu," anatero Thelma. "Phiri yamuuza kabili, yeve amvera ofesi."

Mawu amenewo anamulasa Chrissy, koma panalibe nthawi yolira. Meseji ina inali italowa.

"Imran akukana. Akuti m'mawa ofesi inati zili bwino, kumwamba kulibe mtambo, sanabwere kudzaona kanyumba. Akuti apita yekha. Enawo akumuyang'ana iye, osati ine."

"Muuze akumbe," anatero Thelma, kenako n'kulemba yekha. Chrissy ankawerenga paphewa pake. Rogers apeze kamalo kotsetsereka pang'ono pamsana pomwepo, kopanda chipale cholenjekeka pamwamba pake. Akumbe dzenje ndi fosholo mpaka apeze chipale chakale. Adule chipilala cha makona anayi, kukula ngati fosholoyo, chiime pachokha. Aike fosholo pamwamba pake. Fosholoyo aimenye Imran, ndi dzanja lake, osati Rogers. Kakhumi pang'onopang'ono ndi zala zokha, kenako kakhumi kuchokera pachigongono, kenako kakhumi ndi mkono wonse.

"Chifukwa chiyani Imran?" anafunsa Chrissy.

"Mwamuna wa ku banki samvera muntu. Amvera kwanja yake."

Kudikira kumeneku kunali koipa kuposa konse, chifukwa kukumba kumatenga nthawi. Kadontho kanaphethira pamalo pomwepo kamodzi, kenako kawiri. Chrissy anagwada n'kuyamba kuwola shuga pa kapeti ndi manja, kuti angopeza chochita. Shugayo ankapulumuka m'zala. Anayesa kumuumba m'chikhatho kuti agwirane, osatheka. Ndiye anthu asanu aima pa zimenezi, anaganiza, ndipo anawaimikapo ndi iye.

Tii.

"Pansi pali shuga weniweni, ndikumutapa ndi manja. Imran wamenya katatu kokha ndi zala. Chipilala chonse chatuluka ngati dirowa, chamugwera pamapazi. Wavomera kubwerera."

Thelma anatulutsa mpweya wautali. "Khalas, basi. Manje babwerere." Analemba malangizo: abwerere njira yomwe anadzera, pamsana penipeni pa phiri, asayandikire m'mphepete. Pamalo paja panalira bhuu adutse mmodzimmodzi, motalikirana, ena akuyang'ana. Asaime pansi pa potsetsereka paliponse, ngakhale kujambula.

Yankho silinabwere. Mphindi teni zinakwana, kadontho kanadumpha.

Kanadumphira kutsogolo.

Chrissy anaimirira, shuga ali m'mawondo. "Asisi, akulowera kolakwika. Akulowera ku mbale kuja!"

"Naona."

"Mwina mapu atembenuka?"

"Mapu siitembenuka."

Kadontho kanali pakamwa penipeni pa mbale, pamzere pomwe mtundu wa mapu umasintha. Thelma analemba "Rogers???" Chrissy analemba dzina lokha. Palibe chinabwera. Wotchi ya pakhoma inkagunda ngati munthu akukhoma msomali. Thelma anaimbiranso opulumutsa aja, n'kuwapatsa manambala a malo, kuwauza kuti anyamuke basi, kaya pachitika kanthu kaya ayi. Chrissy anapezeka akupemphera pemphero lopanda mutu, Ambuye, Ambuye, Ambuye, maso ali pa kadontho. Anaganiza za amalume ake ku Chilobwe. Adzawaimbira ndani? Adzayamba ndi liwu liti? Mwana wachiwiri, phiri lachiwiri, ndipo ulendo uno wotumiza phirilo ali ndi dzina.

Mphindi teni zina. Kadontho kanaphethira pomwepo, osasuntha.

"Ngati kachipangizo kakwiririka," anayamba Chrissy.

"Kamapitiliza kutuma malo yamene iyo. Ziii, mwana. Osakamba."

Thelma anamugwira dzanja. Zikhadabo zake zinalowa m'khungu, Chrissy osamva kuwawa. Wotsuka magalasi uja anali atatsika mafulo atatu. AC inazima yokha, n'kuyakanso.

Tii.

"Mnyamata wa ku Lebanon anatsogola tikukumba, amafuna chithunzi. Ndinapita kukamutenga. Ndamukuwira ali masitepe teni m'kati. Wabwerera chafutambuyo m'mapazi ake omwe. Pansi panalira ali pakati. Sipanagumuke. Tikubwerera."

Thelma anakhala pansi pa kapeti, pa shuga pomwepo, mayi wamkulu ndi siketi yake ya ku ofesi. Chrissy anafuna kuseka, m'malo mwake panatuluka kaphokoso ngati ka mwana wa mbuzi.

Koma Thelma sanalole chisangalalo. "Bakalibe kufika. Pali paja panalira kabili."

Ola lathunthu ndi theka anakhala akuyang'ana kadontho kakutsika, kudumpha kamodzi pa mphindi teni, ngati chule wotopa. Pamalo oipa paja kanaima nthawi yaitali. Mmodzimmodzi, anatero Thelma, ndiye kuti amvera. Palibe anadya. Palibe anapita kuchimbudzi. Itangopitirira wani koloko, kadontho kanakhala pamwamba pa kachizindikiro ka kanyumba, n'kukhazikika.

Meseji inabwera patapita nthawi.

"Tafika tonse asanu. Levan akuti akanadziwa nambala akanatitsekera chitseko. Imran sakuyankhula ndi munthu."

Chrissy analemba, kufufuta, kulembanso. Pomaliza anatumiza: "Pepa, Rogers. Pa zonse ziwiri, nambala ndi liwu lija."

Yankho linatenga mphindi teni ndi ziwiri, ndipo sikuti setilaiti inachedwa.

"Unachita bwino kulitchula. Koma lero usandilemberenso."

Anawerenga katatu. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kufunsa Thelma kuti ndege ya bwana itera nthawi yanji.

"Mu maminitsi fote. Nizamuuza ine, nizakamba ati tinasokoneza tonse. Kapepala kanga sikanakambe bwino."

"Ayi asisi. Ndimuuza ndekha."

"Angakuchotse nchito. Na visa yako ili pa yeve."

"Ndikudziwa."

Thelma anakoka mpando wina n'kuuika pafupi ndi wake. Anatsegula lipoti la mawa, lomwe linali litangolowa kumene.

"Pamene tiyembekeza, nkala apa. Belenga. Uniuze chamene waona, osati chamene uganiza."

Chrissy anakhala. Foni anaiika patebulo, nambala ya bwana ili kale pa sikirini, n'kuyamba kuwerenga kuchokera pamzere woyamba.

Ndiye aise, mpira uli kwa iwe. Munthu wako ali pakamwa pa ngozi, wakhala ukumunamiza moyo wake wonse, watsala ndi kameseji kamodzi. Ukanalemba chiyani kuti aime? Ndipo ngati nawe unawerengapo chinthu chadodolido pantchito mpaka anthu kutsala pang'ono kupita, usabise, tiuze m'munsimu mmene zinakhalira kwanuko.